Shuga akalowa m'nyumba, amasiya ntchito ndani?

Azichemwali, lero tikambe za shuga. Osati wa mu tiyi ayi, matenda.

Tikudziwa ena mwakweza kale chala kuti mudutse, mukuti amenewo ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu, ife sakutikhudza. Dikirani kaye. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga. Ndiye kuti minibasi ikadzaza anthu akuluakulu, mmodzi mwa iwo ali naye. Mwina ndi mayi anu. Mwina ndi apongozi. Mwinanso ndi inuyo, kungoti simunayezetse.

Koma ngakhale mutakhala kuti inuyo mulibe, funso lathu ndi ili: munthu akapezeka ndi shuga pabanja panu, amene amusamalire ndani?

Pitani ku Queens ku Blantyre kapena ku Central ku Lilongwe, muone amene akhala panja pa mawodi ndi mabeseni, mapoto ndi zitenje zoyala pansi. Ochuluka ndi amayi. Timawatchula kuti magadiyani, ngati ndi ntchito yomwe anaifunsira. Ndiwo amasambitsa wodwala, kumudyetsa, kumutembenuza, kuchapa zoipa, kuthamangira namwino usiku zinthu zikavuta. Salandira kalikonse. Ena asiya geni yawo, ena apempha tchuthi kuntchito mpaka abwana ayamba kuwayang'ana ndi diso lina, ena ndi atsikana a Fomu 3 amene auzidwa kuti sukulu adzapitiriza agogo akachira.

Vuto ndi loti shuga sachira ngati malungo. Malungo umamwa LA masiku atatu, nkhani yatha. Shuga ndi wa moyo wonse. Wodwala akatuluka m'chipatala, unamwino weniweni ndi pamene ukuyamba, ndipo umachitikira kunyumba. Namwino wa ku kiliniki amamuona wodwalayo mphindi zochepa pa tsiku lomwe anamulembera m'buku. Masiku ena onsewo namwino ndi inu, opanda yunifomu, opanda maphunziro, opanda malipiro.

Ndipo si ntchito yamasewera. Taonani zimene munthu ameneyu akuyenera kudziwa.

Ngati wodwala ali pa insulin, ayenera kudziwa kukoka mlingo woyenera mu jakisoni, kubaya pamimba kapena pantchafu, komanso kusinthasintha malo obaya, chifukwa ukamabaya pamodzimodzi khungu limauma n'kupanga zotupa, mankhwala osalowa bwino. Ayenera kudziwa kuti insulin amaonongeka ndi kutentha, safuna dzuwa, komanso sayenera kuuma ngati ayezi. Kulibe firiji, kapena magetsi akungozimazima, anthu amasunga mu mtsuko wokhala mu mchenga wonyowa pamthunzi. Nzeru yabwino, koma pamafunika wina wokuuza.

Ayenera kudziwa kuti shuga sangokwera, amatsikanso, ndipo kutsikako kumapha msanga. Munthu wabaya insulin kapena wamwa glibenclamide, nsima yachedwa chifukwa makala anatha, basi wayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuyankhula zosamveka ngati waledzera. Pamenepo si nthawi yoitana abusa kapena kukangana kuti walodzedwa ndi ndani. Ngati akutha kumeza, mpatseni madzi osungunulamo masipuni atatu kapena anayi aang'ono a shuga, kapena theka la botolo la Fanta, kenako adye chakudya. Ngati wakomoka, osamuthira kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, thamangani naye kuchipatala. Tangoganizani mwana amene wakhala akuuzidwa kuti "agogo asalawe shuga ngakhale pang'ono", ndiye lero awapatse Fanta? Popanda womuphunzitsa sangayerekeze. Aima pamenepo akulira.

Ndiye pali mapazi. Apa mpamene timaona kuti chisamaliro ndi nkhani ya zinthu zing'onozing'ono. Shuga akakhalitsa amaononga mitsempha, mapazi amachita dzanzi, munthu samva kupweteka. Amaponda minga osadziwa. Mu June amaotha mbaula, phazi n'kupsa iye akucheza bwinobwino. Nsapato yothina imamutupitsa chithuza, chithuza chimasanduka bala, bala silipola, mapeto ake kufiyeta, mwendo wapita. Zambiri mwa izi zimapeweka ndi munthu mmodzi woyang'ana mapaziwo tsiku lililonse, pansi pake ndi pakati pa zala, kuwasambitsa, kuwapukuta bwino, kuletsa wodwala kuyenda opanda nsapato, ndi kubisa lezala lija amachekera zikang'a. Kabala kakaoneka, kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba kupaka mankhwala a m'botolo la mumsika.

Za chakudya ndiye musanene. Aliyense amasanduka dokotala. Wina akuti asadye nsima, wina akuti amwe madzi a masamba akutiakuti asiye mapilisi. Zoona zake n'zakuti wodwala shuga amadya, koma mwa mlingo ndiponso pa nthawi yake: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, mitanda yochepa, ndiwo zamasamba zambiri monga bonongwe, chisoso, nkhwani, nyemba, usipa, ndi kuchepetsa zotsekemera ndi zokazinga. Koma wophika m'nyumbamo ndi mmodzi, ndalama ya ndiwo ndi yomweyo, ndipo bambo akakana mgaiwa n'kumakadya chiwaya ndi Sobo kuseri, shuga akakwera wofunsidwa ndi mayi: "Kodi mukuwadyetsa chani abambowa?"

Eti. Wadya wina, mlandu wa wina.

Tsono amene akuyenera kuphunzitsa zonsezi ndi namwino. Pa matenda a shuga, kuphunzitsa ndi mankhwala, sikuti ndi zoonjezera. N'chifukwa chake mu 2020 tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, lomwe limakhala pa 14 November, mutu wake unali wa namwino ndi shuga. Mu 2017 unali wa amayi ndi shuga. Mitu iwiriyi kwa ife ndi nkhani imodzi.

Apa tikufuna tinene mosapsatira, chifukwa tikudziwa ma comment amene akubwera: "anamwino ndi amwano". Inde, alipo amwano, ndipo sitikuwaikira kumbuyo. Mayi amene wayenda mtunda wautali m'mimba muli pululu kuti ayezedwe shuga sayenera kukalipiridwa ngati mwana. Koma tiyeni tionenso mbali inayo. Anamwino ambiri ndi akazi anzathu. Mmodzi amayang'anira mzere wa anthu wofika panja, amayeza BP, amalemba m'buku, amatsuka mabala, timapepala toyezera shuga tatha, ndipo iyeyo ndi amene awuze wodwala kuti mankhwala kulibe akagule ku famase. Akaweruka, kunyumba kukumudikira mphika, ana, mwinanso wodwala wakewake. Munthu ameneyu mphindi 30 zoti akhale pansi ndi gadiyani, kumuonetsa kabayidwe ka jakisoni, azitenga kuti? Pamene izi zikuchitika, pali anamwino omaliza maphunziro amene akungokhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, nkhani yomwe bungwe la anamwino la NONM lakhala likuidandaula. Tikamakalipira namwino yekha, amene amagawa ndalama za boma amapuma bwino. Mu 2001 ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Lonjezo limenelo tizilikumbutsa mokweza ngati mmene timakalipira anesi pa Facebook.

Ndipo zotheka zilipo, taziona konkuno. Ku Neno, boma lakutali lomwe msewu wake anthu amaudziwa, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anakhazikitsa makiliniki a PEN-Plus, kumene anamwino ndi makiliniko ofesala ophunzitsidwa mwapadera amasamalira anthu a matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo shuga wofuna insulin, pafupi ndi kwawo. Mu 2022 maiko a mu Africa omwe ali mu WHO anavomereza njira imeneyi kuti ifalikire. Ngati zatheka ku Neno, palibe chifukwa chomveka choti zikanike kwina.

Tsopano tibwere pa matupi athu, chifukwa mkazi akamadwala yekha nkhani imasintha. Asanayezedwe amayamba waweruzidwa.

Mkazi waonda mwadzidzidzi, akumwa madzi pafupipafupi, akukodza usiku wonse. Anthu apamudzi amaliza kale kuyeza ndi maso: "kajaka kamupeza." Iye mwini mantha, osapita kuchipatala. Chonsecho zimenezi ndi zizindikiro zodziwika za shuga.

Mkazi akumva kuyabwa kumaliseche, zoyera zikutuluka, wamwa mankhwala, zatha, mwezi wamawa zabweranso. Mwamuna akuti wayenda ndi wina. Azakhali akuti ndi mauka, tiyeni akadule. Koma shuga akakwera m'thupi, matenda a fangasi amenewa amabwerabwera, ndipo kucheka munthu amene mabala ake sapola msanga ndi kumuika pa ngozi. Ngati zikungobwerera, pemphani kuti akuyezeni shuga. Kadontho kamodzi ka magazi pa chala.

Nanga pa mimba? Pali shuga amene amabwera nthawi yoyembekezera, ngakhale kwa mayi amene sanadwalepo. Nthawi zambiri samveka m'thupi. Amayezedwa pakati pa sabata 24 ndi 28. Akapanda kudziwika mwana amatha kukula mopitirira, kubereka n'kuvuta, mapeto ake opaleshoni, mwinanso kutaya mwana. Ife timaombera m'manja kuti wabereka chimwana chonenepa cha makilo 4 ndi kuposa, osadziwa kuti mwina thupi likutichenjeza. Mayi wotere amakhalanso pa chiopsezo chodzadwala shuga m'tsogolo, ndiye amayenera kumayezetsabe atachira. Kusikelo timayezedwa HIV, BP, kulemera, ndipo n'zabwino. Koma ndi angati mwa ife amene anauzidwapo za shuga? Ngati kwanu kuli odwala shuga, ngati munaberekapo mwana wamkulu kwambiri kapena munapita padera mosadziwika bwino, nenani kusikelo ndipo funsani za kuyezedwa. Amene muli kale ndi shuga, kambiranani ndi achipatala musanatenge mimba, chifukwa masabata oyambirira ndi pamene ziwalo za mwana zimapangika, ndipo mankhwala ena amafunika kusintha.

Si shuga yekha. Matenda a chithokomiro amagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Chikamagwira ntchito mopitirira, mtima umathamanga, munthu amaonda, amatuluka thukuta, sagona, sachedwa kupsa mtima. Chikamagwira mochepa, amatopa, amanenepa, amamva kuzizira, msambo umasokonekera. Woyambayo timamuti ndi wovuta, wachiwiriyo waulesi. Palinso PCOS: msambo wodumphadumpha, ziphuphu, tsitsi pachibwano, kuvutika kutenga mimba, ndipo imayenderana ndi chiopsezo cha shuga. Mtsikana wa ndevu timamuseka. Mkazi wosatenga mimba achibale a mwamuna amamuitanira bwalo. Matenda a mahomoni, oti achipatala angathandizepo, ife tawasandutsa milandu ya khalidwe.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena kuti wachipatala ayenera kukupatsani uthenga wonse wofunika kuti mupange chisankho pa nkhani za uchembere, ndi kukulemekezani. Choncho kufunsa mafunso si mwano. "Shuga wanga ali pa zingati lero? Mankhwalawa ndimwe ndisanadye kapena nditadya? Akatsika ndichite chani?" Funsani, ndipo zilembedwe m'buku lanu lakuchipatala.

Ife zomwe tikufuna si zapatali. Gadiyani asatuluke m'chipatala ndi wodwala wa insulin asanaonetsedwe kabayidwe, iye n'kuyesera namwino akuona, n'kupatsidwa pepala la m'Chichewa lofotokoza zoopsa. Kusikelo nkhani ya shuga ikhale ya nthawi zonse. Anamwino alembedwe ntchito, ena aphunzitsidwe za shuga mwapadera, ndipo tizipangizo toyezera tisamasowe. Insulin anapezeka mu 1921 ku Toronto, ndipo Frederick Banting ndi anzake anagulitsa umwini wake ku yunivesite pa dola imodzi aliyense. Zaka zoposa 100 zadutsa. Mayi asamabaye theka la mlingo kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi.

Ndipo achimwene, tikudziwa mumawerenga tsamba lino mwakachetechete. Mayi akudwalawo anakuberekani nonse. Kutumiza ka Airtel Money pa 28 n'kuzimitsa foni si kusamalira. Jakisoni safuna dzanja lachikazi. Phazi la bambo anu mutha kuliyang'ana inunso. Banja likakhala pansi kukambirana za wodwala, pasamangotchulidwa dzina la mlongo amene "sali pabanja" kapena "alibe chochita". Lembani masiku, aliyense akhale ndi ake, ndipo wa tsiku la kiliniki alowe nawo m'chipinda amve yekha zomwe namwino akunena.

Inu amene mukusamalira wodwala panopa, ulendo wotsatira mukawaperekeza ku kiliniki, tambasulani chala chanu akuyezeni nanunso. Shuga amayenda m'banja, ndipo inuyo palibe amene akukuyang'anani mapazi.