Kabotolo ka mamililita 30 kali ndi malamulo ake

Dzinja likafika pakati, ife ogwira ntchito m'minda yochulukitsira mbewu timakhala ndi timabotolo tambirimbiri patebulo. M'timabotolomo mumakhala mbozi zoviikidwa mu ethanol, ndipo pambali pake pamakhala masamba a chimanga amene tikuwakayikira kuti ali ndi matenda. Zonsezi zimayenera kufika msanga ku labotale ya ku Pretoria, ku Nairobi kapena ku Ulaya, popeza yankho lofika mbewu zitakololedwa kale silithandiza munthu. Changu chimenechi ndicho chinabala chizolowezi chimene tonse tikuchidziwa ngakhale sitichitchula pamisonkhano: kukulunga kabotolo m'malaya ndi kukaika m'sutikesi ya mnzathu amene ali paulendo, kapena kulemba pakatoni mawu akuti "samples" osanena zimene zili m'kati. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chithe, chifukwa malamulo anasiya kale njira yosavuta yotumizira katundu wochepa ngati wathuyu, ndipo ambiri mwa ife sitinaiphunzire.

Malamulo a katundu woopsa m'ndege amachokera ku bungwe la ICAO, ndipo bungwe la makampani a ndege la IATA limawasindikiza chaka ndi chaka m'buku lotchedwa Dangerous Goods Regulations. Katunduyu anagawidwa m'magulu asanu ndi anayi. Ethanol ali m'gulu lachitatu, la zamadzimadzi zoyaka moto, ndipo nambala yake ndi UN 1170. Dry ice, imene timaziziritsira masamba, ili m'gulu lachisanu ndi chinayi ndipo nambala yake ndi UN 1845. Zifukwa zake n'zomveka kwa aliyense wodziwa sayansi. Nthunzi ya ethanol ikhoza kuyaka ngakhale kutentha kuli pa madigiri 13 okha, ndipo ndege ikakwera m'mwamba, mphamvu ya mpweya imatsika kotero kuti chitsekerero chosalimba chimayamba kudontha. Kilogalamu imodzi ya dry ice imasanduka malita opitirira 500 a mpweya wa carbon dioxide, umene ukhoza kuphulitsa chotengera chotsekedwa kotheratu.

Amene amati katoni imodzi singagwetse ndege akumbukire ndege ya ValuJet imene inagwa m'madambo a Everglades ku Florida pa 11 May 1996. Anthu onse 110 amene anali m'ndegemo anafa. Moto unayambira m'chipinda cha katundu, pa zipangizo zopangira oxygen zimene mapepala ake ankati n'zopanda kanthu pamene zinali ndi mankhwala ake. Oyendetsa ndege amadalira mawu amene wotumiza walemba, ndipo sangadziteteze ku chinthu chimene sanauzidwe.

Njira yosavuta ija imatchedwa excepted quantities. Ethanol wamphamvu, monga amene timasungiramo tizilombo, amaloledwa mpaka mamililita 30 m'kabotolo kalikonse ndi mamililita 500 m'katoni yonse. Timabotolo timatsekedwa zolimba, kenaka timaikidwa m'chotengera chachiwiri chokhala ndi zoyamwa zokwanira kumwa madzi onse ngati kabotolo kasweka, ndipo chotengeracho chimalowa m'katoni yolimba. Phukusi lonse liyenera kupirira kugwa kuchokera pa mamita 1.8. Panja pake pamamatidwa chizindikiro cha masentimita 10 mbali zonse chosonyeza gulu la katunduyo, ndipo chikalata cha katundu wa m'ndege chimanena kuti muli zoopsa zochepa ndi chiwerengero cha makatoni. Chikalata chachitali cha Shipper's Declaration sichifunika. Koma phukusi lotere sililoledwa m'chikwama cha wapaulendo kapena kupositi.

Kwa ife osonkhanitsa tizilombo pali lamulo lina lapadera, la A180. Limakhudza zamoyo zosungidwa pofuna kafukufuku zimene zilibe matenda opatsirana, kuphatikizapo tizilombo ta m'munda. Kabotolo kasapitirire mamililita 30, matumba apulasitiki awiri amatidwe ndi moto, zoyamwa zikhalemo, madzi onse m'katoni asapitirire lita imodzi, ndipo pakatoni palembedwe mawu amene lamulolo limatchula. Zikakonzedwa motero, mbozi zija zikhoza kuyenda ngakhale m'chikwama cha wapaulendo popanda chobisa. Pamene ntchemberezandonda zachilendo zija zinafalikira m'chigawo chathu m'nyengo ya 2016/17, kuzindikira msanga mtundu wa mbozi kunali nkhani yaikulu, ndipo mliri wina ukadzabwera tidzafunanso njira yomweyi.

Nthawi zina nzeru ndi kupewa katundu woopsa kumene. Masamba opita kukayezedwa DNA kawirikawiri amatha kuumitsidwa ndi silica gel ndi kuyenda popanda dry ice. Kufunsa labotale yolandira musanakonze phukusi kumapulumutsa ndalama ndi masiku. Ndipo tisasokoneze zinthu ziwiri: chilolezo cholowetsera zomera m'dziko ndi setifiketi ya umoyo wa zomera zimateteza minda, pamene malamulo a IATA amateteza ndege. Phukusi limodzi likhoza kufuna zonsezi.

Pali madandaulo awiri amene tiyenera kuwamva mwachilungamo. Loyamba ndi la mtengo wa maphunziro. Aliyense wokonza katundu wotere ayenera kuphunzitsidwa, ndipo maphunzirowo amabwerezedwa pa miyezi 24 iliyonse. Kwa kampani yaing'ono imene imatumiza makatoni atatu pachaka, ndalama zimenezi n'zolemera. Lachiwiri ndi lakuti makampani a ndege ndi a mtengatenga ali ndi ufulu wokhwimitsa malamulo awo kuposa a IATA, ndipo wolandira katundu pakauntala nthawi zina amakana chilichonse chimene chatchulidwa kuti n'choyaka. Ifenso zinatichitikira: katoni yokonzedwa bwino inabwezedwa, ndipo pamene tinkapeza njira ina, munda umene tinkaufunira yankho unali utadutsa kale msinkhu wopopera mankhwala. Zoterezi zimachititsa munthu woona mtima kuganiza kuti kubisa n'kwabwino.

Komabe mavuto awiriwa ndi amene bungwe ngati lathu linakhazikitsidwira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tikupempha zinthu zitatu. Bungwe likonze maphunziro a pamodzi kamodzi pachaka, nyengo yodzala isanafike, kuti kampani iliyonse ikhale ndi anthu osachepera awiri ophunzitsidwa. Lisindikize tsamba limodzi lofotokoza katundu amene timatumiza kawirikawiri, nambala zake za UN ndi malire ake, ndipo tsambalo likonzedwenso buku latsopano la IATA likatuluka. Pomaliza, likambirane ndi makampani a mtengatenga m'dziko lililonse la mamembala kuti tidziwiretu amene amalandira katundu wotere komanso pa bwalo la ndege liti.

Ntchito yathu yonse imatsamira pa lebulo. Mlimi amagula thumba la mbewu chifukwa amakhulupirira kuti dzina la mtundu ndi mlingo wa kameredwe zolembedwapo n'zoona. Sitingapemphe mlimi kukhulupirira lebulo ya pathumba pamene ife tikunama pa lebulo ya pakatoni. Phukusi lotsatira limene lichoke m'labotale zathu lilembedwe zimene zilidi m'kati mwake.