Maphunziro a pa intaneti: kodi ana athu onse afikako?



Pa 20 March 2020 boma linatseka masukulu onse m'Zambia cifukwa ca Covid-19. Mu 2024 kolera inacedwetsanso ana athu: anayenera kutsegulira pa 8 January, koma anakhala panyumba mpaka pa 12 February. Nthawi zonse ziwirizi tinaona cinthu cimodzi. Mwana amene mphunzitsi wake anali ndi njira yomutumizira phunziro anapitiriza kuwerenga, pamene mnzake anangokhala.

N'cifukwa cake aphunzitsi ambiri atembenukira ku zida monga Google Drive, Google Classroom ndi Microsoft Teams. Zida zimenezi zimasunga zolemba pa makompyuta akuluakulu a kampani, kutali ndi ife, ndipo munthu amazitsegula pa foni paliponse pamene pali intaneti. Ndico cimene amacula kuti cloud. Aphunzitsi atatu, wina ku Bwacha, wina ku Katondo, wina ku Makululu, angathe kulemba phunziro limodzi pa tsamba limodzi, aliyense akuona zimene mnzake wawonjezera. Foni ikabedwa, phunzirolo limatsala. Akaunti ya Google imapatsa malo a 15 GB kwaulere, okwanira maphunziro a Sande sukulu ndi a kalasi a zaka zambiri.

Kuno ku Kabwe tili ndi mwayi. Ambiri mwa acinyamata athu amaphunzira pa Kwame Nkrumah University ndi Mulungushi University, ndipo zida izi amazidziwa kale. Koma tisanathamange, tiyeni tiyang'ane zinthu zitatu.

Coyamba ndi magetsi ndi mabando. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo tonse tikukumbukira masiku amene malaiti anali kubwera pakati pa usiku kwa maola ocepa cabe. Phunziro likakhala pa cloud pokha, mwana wa kunyumba kopanda foni yamakono salipeza. Mayi wogulitsa tomato pamsika akasankha pakati pa unga ndi bando, adzagula unga, ndipo sanalakwe. Pa Macitidwe 6 mpingo woyamba unadandaula pamene amasiye ena anali kuiwalika pogawa cakudya, ndipo atumwi anauza mpingo kuti usankhe anthu asanu ndi awiri kuti akonze vutolo. Kugawa maphunziro nakonso kumafuna anthu otero.

Caciwiri ndi mwini wa akaunti. Apa ndilankhula zimene zinandicitikira. Ndinapempha mnyamata wina kuti atisungire maminitsi ndi maphunziro a kalasi, iye n'kuziika mu akaunti yake. Atapeza nchito ku Copperbelt anasintha nambala, pasiwedi anaiwala, ndipo nchito ya zaka ziwiri inapita. Wolakwa ndinali ine, amene ndinaika katundu wa mpingo m'thumba la munthu mmodzi.

Cacitatu ndi cinsinsi ca anthu. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti kholo kapena womuyang'anira avomereze tisanasunge mbiri ya mwana. Limaika cipembedzo ca munthu m'gulu la nkhani zofunika kusamalidwa kwambiri, ndiponso limanena kuti nkhani zotere zisungidwe pa makompyuta a m'dziko muno. Conco kaundula wa ubatizo, maina a ana, zithunzi zao ndi nkhani za cilango ca mpingo si zinthu zoponya mu foda imene aliyense wokhala ndi linki angatsegule.

Nanga ticite bwanji? Ine ndiona kuti zida izi tizilandire, koma mwa dongosolo. Mpingo uliwonse utsegule akaunti m'dzina la mpingo, ndipo pasiwedi ikhale ndi anthu awiri osankhidwa ndi akulu a mpingo. Mu akauntiyo muikidwe maphunziro, ndandanda ya alaliki ndi zilengezo. Kaundula akhale m'buku ku ofesi. Phunziro lililonse likhale lalifupi, lolembedwa m'mau osati vidiyo, kuti lisadye bando, ndipo lisindikizidwenso pa pepala kuti ligawidwe pa Sabata. Ophunzira athu a ku yunivesite apatule Ciwelu cimodzi pa mwezi kuphunzitsa aphunzitsi a Sande sukulu, makamaka acikulire amene amacita manyazi kufunsa.

Pa msonkhano wotsatira wa akulu a mpingo, funsani mafunso awiri: akaunti yathu ili m'dzina la yani, ndipo ndi ana angati m'kalasi amene kwao kulibe foni ya intaneti? Muwerenge anawo ndi maina, kuti podzasindikiza mapepala pasapezeke wosowa.

Ambuye akudalitseni.

Mlembi wa Zofalitsa Nkhani