Mlongoti Wothyoka Pakhomo

Munthu akathyola mwangozi mlongoti wa magetsi pakhomo pace, kaya ndi ngolo kaya pogwetsa mtengo wa mango, cimene ayamba kuopa ndico kulipira. Aucirikiza ndi phanda usiku, nauza ana ace kuti asaulule. Kupusa koopsya kumeneku! Malo ndi ace, inde, koma mlongotiwo ndi wa a ZESCO, ndipo ndiwo okha angathe kuzima moto wa m'nthambomo. Nthambo yogwa pansi siikufa ai. Zina zisenza mavolti 11,000, ndipo ngakhale dothi lonyowa loizinga lingathe kupha woyandikira. Iye akadatuma mthenga msanga, naimirira patali kuingitsa anthu. Koma agona cete, pamene ana a mnansi wace adzera pomwepo m'mamawa kukatunga madzi, opanda nsapato.