Mkanjo ngwobwereka, ngongole njanu

Nyengo ya mikanjo yafikanso. Amene munafikapo ku Zomba tsiku lopereka madigiri mukudziwa chimene ndikunena. Maminibasi ochokera ku Limbe amadzaza ndi anthu otchena, amayi atavala zitenje zofanana ngati akupita kuchinkhoswe, abambo atafukula jekete imene anaivala komaliza paukwati wa mng'ono wawo. Kunja kwa Great Hall kumadzaza anyamata ojambula zithunzi, ena ogulitsa maluwa a pulasitiki, ena zoziziritsa kukhosi. Dzina la mwana likangotchulidwa m'katimo, nthungululu imamveka mpaka kumsewu. Ndi tsiku lokoma ndithu, ndipo amene sakondwera nalo ndiye kuti ali ndi kaduka basi.

Komatu pali kanthu kamodzi kamene ojambula aja sakajambula. Dzuwa likapendeka, mpunga ndi nkhuku zitatha m'mapoto, mwini tsiku uja amavula mkanjo, n'kuupinda bwinobwino, n'kukaubweza kumene anaubwereka. Kwa ambiri mkanjo uja sukhala wawo ayi. Amatuluka pageti ndi malaya omwe aja anabwera nawo, m'manja muli pepala. Lero ndikufuna tikambirane za munthu amene wabweza mkanjoyu, chifukwa ndi yemweyo tikumane naye mawa m'tauni muno.

Ndiyambe ndaulula kuti ine mkanjowo sindinauvalepo. Ndinalowa nawo sukulu ina ya ukachenjede, ndinakhalako zaka ziwiri ndi theka, kenaka bambo anga anamwalira ndipo fizi inasowa kochokera. Mayi ankagulitsa tomato ndi usipa pamsika, kunyumba kuli azing'ono anga atatu odikira nsima. Sindinatsanzike munthu. Ndinalongedza m'mawa anzanga ali m'kalasi, kiyi wa chipinda n'kumusiya pansi pa pilo, n'kukakwera basi ngati wakuba. Manyazi, abale. Patapita zaka ziwiri anzanga aja anavala mikanjo. Ndinapita kukawaonera, belo langa la kaunjika nditasiyira mnzanga kuti andigulitsireko, ndipo ndinaima chapatali pansi pa mtengo. Tsono ndikamanena za kutsanzika, ndikunena ngati munthu amene mwayi umenewo unamulambalala.

Inu mwatsirizanu, kodi mukudziwa chimene mukutsanzikana nacho? Ambiri mukuganiza za mayeso, za kuchezera m'laibulale, za nyemba za tsiku ndi tsiku, za landilodi wa ku Chikanda wogogoda mwezi ukangotha. Zimenezo muziiwala msanga. Chimene mukusiya n'chachikulu koposa pamenepo. Kwa zaka zinayi panali wina wokuuzani chochita Lolemba m'mawa. Ndandanda wa maphunziro unali pakhoma. Ukalimbikira unkadziwa kuti malikisi abwera, ukachita ulesi unkadziwanso chimene chikubwera. Kunja kuno pangano lotere kulibe. Munthu amalemba makalata makumi atatu ofunsira ntchito osayankhidwa ngakhale imodzi, ndipo palibe womuuza kuti walakwa funso liti.

Chinanso ndi ichi. Pasukulu mwana wa nduna ndi mwana wa mayi wogulitsa zitumbuwa ankakhala benchi limodzi, kubwerekana cholembera, ndipo kawirikawiri wa zitumbuwayo ndiye ankatsogola. Koma mukangotuluka pageti, wina galimoto ikumudikira, kuofesi malume ake anamulankhulira kalekale. Winayo akuwerenga makobili a minibasi. Sindikunena izi kuti mukwiye ayi. Ndikuti musadzadabwe, ndiponso musadzadziyese mbuli tsiku limene mnzanu amene munkamuthandiza masamu adzakudutseni pagalimoto inu muli wapansi.

Makolo athu akamaliza nthungululu amakhala akukumbukira Malawi wina. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu Blantyre m'chaka cha 1965, ophunzira ake sankakwana ndi 100 omwe. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Masiku amenewo yunivesite inali imodzi yokha dziko lonse, otsiriza anali owerengeka, ndipo boma ndi makampani ankachita kuwalimbirana. Munthu wa digiri ankatchuka dera lonse. Mbiri imeneyo ndiyo inatsala m'mitu ya agogo athu, kuti digiri ndi kiyi wa ofesi, nyumba ya boma ndi galimoto.

Zinthu zinasintha, Amalawi anzanga. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, ndipo ana pafupifupi miliyoni imodzi anawonjezekera m'sukulu chaka chimodzi chokha. Ine ndine mmodzi mwa iwo, Sitandade 1 ndinaiyambira pansi pa mtengo wa mango. Ana aja anakula n'kufuna malo apamwamba. Mzuzu University inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Bunda inachoka mu Yunivesite ya Malawi mu 2012 n'kukhala LUANAR. MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: Chancellor College inatsala ndi dzina lakale, Polytechnic inasanduka MUBAS, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Onjezanipo za mipingo monga University of Livingstonia ndi Catholic University ya ku Nguludi, kudzanso za anthu wamba. N'chinthu chabwino chimenechi, tisakane. Koma maofesi sanaswane monga zaswanirana sukulu. Mikanjo yachuluka, mipando ndi yomwe ija.

Tsono tifike pangongole. Tafunsani aliyense wavala mkanjo kuti ndalama ya fizi, ya lendi ndi ya fotokope inkachokera kuti. Owerengeka ndiwo anganene kuti kumalipiro a bambo. Ambiri akafuna kunena zoona atchula benchi la pamsika: mayi wa mandasi, mlongo wodutsa pa Songwe kukaoda nsapato ndi nsalu ku Dar es Salaam, achimwene a kabaza, azakhali amene anakongola kubanki m'khonde n'kumabweza ndi chiwongoladzanja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda ambiri mpamba unawasungunukira m'manja, koma uthenga wa pafoni woti "ndatumiza kangachepe" sunaleke kufika kusukulu. Digiri ili m'manja mwanuyo inalembedwa dzina limodzi, koma oigula anali ambiri. Imeneyo ndiyo ngongole yoyamba.

Yachiwiri ndi ya boma. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015 kuti lizikongoza ophunzira osowa, lakhala likudandaula poyera kuti ambiri amene anakongola sabweza, ena mwa iwo ali pantchito zabwino. Ndalama imeneyo si mphatso. Ili ngati chipereganyu, ndipo wamalonda aliyense akudziwa chimene chimachitika mmodzi akalandira n'kuthawa. Ukapanda kubweza usaganize kuti walanga boma. Walanga mtsikana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene wasankhidwa koma fizi alibe, amene adzalongedze m'mawa anzake ali m'kalasi monga ndinachitira ine. Amene simunapeze pogwira, palibe akukuimbani mlandu. Koma tsiku limene malipiro oyamba adzalowe, musadzachite ngati mwaiwala.

Ndikudziwa chimene ena mukunena chamumtima: "Ndiye ndinavutikira zaka zinayi kuti ndikagulitse kaunjika, eti?" Funso limeneli ndi lomveka, ndipo sindikufuna kuti andale abisale kuseri kwa nkhani inoyi. Dziko limene limaphunzitsa anamwino ndi aphunzitsi n'kumawasiya pakhomo kudikira kulembedwa, pomwe zipatala ndi makalasi zili thothotho, lili ndi mlandu woti liyankhe. Kampeni iliyonse timalonjezedwa ntchito zankhaninkhani. Tiziwafunsa kuti zili kuti, ndipo tisatope. Mawu oti "dzilembeni nokha ntchito" amakoma m'kamwa mwa bwana amene iye mwini sanagulitsepo ngakhale kapu imodzi ya mtedza.

Komabe mimba sidikira manifesito. Pamene tikufunsa boma, Lolemba likubwerabe. Ndaona anyamata ndi atsikana akutha zaka zitatu pakhomo pa makolo, ntchito kudzuka, kutchaja foni ndi kupempha ya mayunitsi, koma kukana kukhalako paokala ya mayi awo poopa kuti anzawo a kukoleji angawaone. Okala yomweyo imene inalipira fizi! Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kufunsira ntchito pitirizani, makalata lembani, koma manja asakhale m'thumba.

Ine msika unandiphunzitsa zimene kalasi sinandiuze, komanso tizimene ndinatola m'zaka ziwiri ndi theka zija tinandipulumutsa pamsika. Ndinagula kope n'kuyamba kulemba cholowa ndi chotuluka chilichonse. Patatha miyezi itatu ndinatulukira kuti belo limene ndinkaliyesa la phindu linkandidya, chifukwa sindinkawerengera thiransipoti, tikiti ya msika ndi zovala zotsalira zogulitsa mongotaya. Posakhalitsa anzanga angapo anayamba kubwera ndi makope awo madzulo. Tangoganizani tsono munthu amene watsiriza zowerengera ndalama, zaulimi kapena zamalamulo atakhala pansi ndi amalonda a ku Limbe, a mumsika wa Tsoka ku Lilongwe kapena a ku Mzuzu. Angathe kuwawerengera kuti katapila akuwadyera zingati pachaka, kuwafotokozera za msonkho wa MRA pachipata madobadoba asanawapusitse, kuwathandiza kulembetsa bizinesi, kuwalangiza kasungidwe ka mbewu kuti zisafumbwe. Iyenso n'kuphunzira kwa iwo kunenerera mtengo, kusiyanitsa wongofunsa ndi wogula, ndi kupirira tsiku loti kuyambira m'mawa sunagulitse kanthu. Palibe mwa awiriwa amene angachoke chimanjamanja.

Nanu amalonda anzanga ndili nanu mawu. Tili ndi kakhalidwe kena konyansa. Mwana wa digiri akabwera kudzayala malonda pafupi nafe, timayamba kumuseka: "Aphunzi, lero mwatipeza? Digiri ija simukuidya bwanji?" Tikamatero tikuseka thukuta lathu lomwe, pajatu anamutumiza kusukuluko ndi ife. Mwana ameneyu akachita manyazi n'kubwerera kukagona, mng'ono wake wa Fomu 2 aona n'kunena kuti sukulu ilibe phindu, ndipo pamenepo taluza tonse. Mpatseni malo pabenchi, muuzeni kooda motchipa. Inunso makolo, musamuunjikire mwana mavuto a mtundu wonse nthungululu isanazizire: fizi ya uyu, malata a nyumba, feteleza wa agogo. Mlekeni ayambe waima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye inu eni tsiku, musananyamule zikwama tsanzikani bwino. Pitani kwa mayi uja ankakupatsani nsima pangongole mwezi ukatalika, mukalipire, ngati mulibe mukanene tsiku. Thokozani mlonda wa pageti ndi amayi osesa m'hositelo. Sungani manambala a anzanu onse, osati okhawo akuoneka ngati adzalemera. Ndipo mufunefune uja munayamba naye chaka choyamba koma anangosowa pakati osatsanzika. M'kalasi iliyonse alipo. Muimbireni foni. Mwina ali pamsika, ndipo mwina ndi iyeyo angakuonetseni poyambira.

Ine tsiku lija ndili pansi pa mtengo, mnzanga mmodzi yekha ndiye anandiona. Anasiya abale ake, anabwera ndi mkanjo wake, n'kundiveka chisoti kuti tijambulitse. Chithunzicho ndikadali nacho. Chisoticho anakabweza madzulo omwewo, ndipo patapita miyezi isanu anandipeza kumsika kudzandifunsa kuti belo la malaya a ana ndikuoda zingati.