Phiri ndi limodzi, malipiro ndi awiri

Awerengi athu, ulendo uno tiyeni tikacheze kuseri kwa phiri la Mulanje, mbali ya Phalombe, pampata wa Fort Lister pamene phirili limayang'anana ndi linzake la Michesi. Mukakhala pansi m'mbali mwa njira yokwera m'phirimo mudzaona anthu amitundu iwiri. Ena ndi anyamata osenza zikwama za alendo odzaona phiri. Ena ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa msinkhu wawo, miyendo ili njenjenje pamiyala yoterera. Onsewa akwera phiri lomwelo ndipo onse atuluka thukuta. Koma mnyamata uja mtengo wake ngwodziwika kale, amalipidwa pa tsiku, mwinanso mlendo akakondwa amamuonjezera kangachepe. Mayi uja akafika kumsika ayamba kunenerera ndi ogula, ndipo dzuwa likapendeka agulitsa motaya poti ana kunyumba akudikira ndiwo. Osenzera alendo pafupifupi onse ndi amuna. Otola nkhuni ambiri ndi akazi. Ndani anagawa ntchito motere?

Komatu lamulo lilipo. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, limanena kuti anthu ogwira ntchito yofanana alandire malipiro ofanana posayang'ana kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 linabwerezanso mfundo yomweyo. Koma lamulo limayenda bwino pamene pali kalata yolembedwera ntchito. Kumunda wa nandolo ku Chiringa kapena ku Nkhulambe, kumene ganyu amapangana pakamwa, mwini munda amangoti, "Amayi, ndime iyi ndi yanu," ndipo mayi wobereka mwana kumbuyo, amene wayamba watunga madzi asanabwere, amatha mizere yochepa. Nako kumaesiteti a tiyi, mbali ina ya phiri, wothyola masamba ndalama zake zimatsata makilogalamu. Sikelo siidziwa kuti uyu anachezera usiku ndi mwana wodwala malungo.

Ena adzati, "Ameneyo ndi wosaphunzira. Akanapita kusukulu sakadavutika." Zoona, sukulu imathandiza kwambiri, ndipo chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 atsikana adzaza m'makalasi oyambirira. Mphunzitsi wamkazi ndi wamwamuna amene ali pa giredi imodzi m'boma amalandira mofanana, palibe chinyengo pamenepo. Kusiyana kumabisala pena. Choyamba ndi ntchito imene mwana wasankha, kapena tinene imene tamusankhira. Mtsikana wanzeru wa ku Phalombe timamulozera ku koleji ya anamwino ya Holy Family kapena ku uphunzitsi wa pulayimale, ntchito zolemekezeka ndithu. Mlongo wake wa magiredi omwewo timamuuza za uinjiniya ku Blantyre, pasukulu imene kale tinkaitcha Polytechnic, lero MUBAS. Patapita zaka khumi awiriwa akakumana pamaliro kumudzi, wina wabwera pa galimoto yake, wina pa kabaza.

Chachiwiri ndi chimene ife makolo sitikonda kuchimva. Mayi wina wa ku America, Claudia Goldin, analandira mphotho ya Nobel mu 2023 atafufuza mbiri ya ntchito za amayi kwawoko ya zaka zoposa 200. Anapeza kuti masiku ano mwamuna ndi mkazi ophunzira mofanana amayamba ntchito ali pafupifupi pamzere umodzi, ndipo mpata umatseguka mwana woyamba akangobadwa. Ife sitinafunikire Nobel kuti tizione zimenezi. Mwayi wokaonjezera maphunziro ku Domasi kapena ku Zomba ukapezeka, bambo amanyamula chikwama mawa lomwe. Mayi amayamba wafunsa kuti ana atsala ndi yani, apongozi odwala awasamala ndani, ndipo pamene akupeza yankho mwayi wapita. Mnzake amene anayamba naye tsiku limodzi ndiye tsopano mphunzitsi wamkulu.

Chodabwitsa n'chakuti kuno ndi kwa Alhomwe, kumene munda umatsata mayi ndipo mwamuna ndi mkamwini. Nthaka ndi ya mkazi, khasu agwira onse, koma pa tsiku logulitsa nandolo amene amakwera njinga kupita kwa mavenda ku Migowi n'kubwera ndi ndalama m'thumba timamudziwa tonse.

Tsono pali zina zimene tingayambe pakhomo pathu osadikira boma. Mayi wolembedwa ntchito adziwe kuti lamulo limamupatsa masabata 8 a tchuthi cha uchembere akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo bwana akakana, ofesi ya za ntchito ya m'boma ilipo. Kuyambira mu 2021 nawo abambo ali ndi masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa. Abambo anzathu, masabata amenewa si okachezera pa bawo.

Ndipo madzulo ano, mwana wamkazi wa Sitandade 8 akatsegula kope la masamu, madzi akatha mumtsuko, taitanani mlongo wake amene akumenya mpira wachikulunga pabwalo. Chidebe akuchidziwa pamene chimakhala.