Chikalata cha asodzi ndi amalonda a nsomba a kugombe la kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa pa za chitetezo cha abale athu opita kunja

Kwa mafumu athu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makolo, achinyamata ndi akuluakulu a boma kuno ku Zomba.

Ife asodzi, eni mabwato, amayi owamba nsomba ndi amalonda a padoko la Kachulu ndi madoko oyandikana nalo, tagwirizana m'bungwe lathu kuti tiyankhule poyera nkhani imene yakhala ikunong'onedwa m'makomo. Ana athu akupita kunja kukasaka maganyu, makamaka ku Joni, ndipo ambiri akunyamuka mobisa, opanda mapepala, popanda ndi mmodzi yemwe kumudzi wodziwa amene wawatenga ndi kumene akukafikira. Kubisa kumeneku ndiko kukuwapereka m'manja mwa achifwamba.

Wopita sitikumudzudzula. Nyanja yathu timaidziwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anakhala pamatope ouma kwa miyezi. Mu 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa madzi amene anamiza minda ya mpunga ndi nyumba za m'mphepete mwa nyanja. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, mnyamata amene wakulira m'bwato amaona mnzake wobwera ku Joni akukhoma malata, mtima n'kunyamuka. Sitingamumange miyendo, koma tili ndi udindo woti apite ali maso.

Ulendo umenewu sunayambe lero. Agogo athu anapita ku migodi kudzera ku Wenela, ndipo anavutika kwambiri. Komabe dzina la munthu, mudzi wake ndi mfumu yake zinkalembedwa m'buku. Ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, dziko linadziwa kuti amene ataya miyoyo ndi ana ake, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Mdzukulu wa lero akasowa pakati pa Tete ndi Musina, amayi ake amangokhala ndi nambala ya foni imene yasiya kulira.

Tiyambe ndi matransipota, chifukwa mavuto ambiri amayambira pamenepo. Alipo ena okhulupirika. Koma alipo amene amauza mwana kuti pasipoti ndi yosafunika, ndalama adzalipira akayamba ntchito. Ulendo ndi wautali: Mwanza, Zóbuè, Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge. Wopanda chiphaso amatsitsidwa asanafike pachipata kuti adutse m'tchire, ndipo pa mtsinje wa Limpopo pali zigawenga zotchedwa maguma-guma zimene zimalanda ndalama, mafoni ndi zovala, kumenya anthu ndi kugwiririra amayi. Amene wadutsa bwino amatha kutsekeredwa m'nyumba ku Johannesburg mpaka abale atatumiza ndalama, ndipo mtengo umakwera tsiku ndi tsiku. Banja limagulitsa ukonde kapena bwato kuti liwombole mwana amene linkayembekezera kuti alithandiza. Mu July 2016 apolisi a ku South Africa anaimitsa lole kufupi ndi Rustenburg n'kupezamo ana ndi achinyamata 57 a ku Malawi atapanikizana kumbuyo kopanda mazenera. Mu March 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena m'chigawo cha Tete, lole itachokera kuno kwathu. Msewu ndi womwewo umene ana athu akudutsa.

Za mapepala tinene mosapsatira. Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku 30, ndipo chilolezo chimenecho si chogwirira ntchito. Wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi, kapena zaka 5 ngati wapitiriza kwambiri. Wogwidwa amasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Koma choopsa kuposa Lindela n'chakuti munthu wopanda mapepala amaopa kukadandaula kupolisi. Akamubera amangokhala chete. Bwana akamumana malipiro amangokhala chete. Mbava zimadziwa zimenezi, zimadziwanso kuti alibe akaunti kubanki ndipo ndalama zake amagona nazo, n'chifukwa chake zimamulonda pakutha pa mwezi.

Ngakhale wa mapepala ake sali pamtendere nthawi zonse. Mu May 2008 chipolowe chodana ndi alendo chinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu April 2015 chinabuka ku Durban, boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu, ambiri n'kufika ku Blantyre chimanjamanja. Mu 2019 Amalawi anathamangitsidwanso m'misasa yawo ku Durban komweko. Malo ogona nawonso amapha. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso mumzinda wa Johannesburg inapsa usiku, anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi amene anakhalamo chifukwa lendi inali yotsika. Mu May 2024 nyumba imene inkamangidwa ku George inagwera antchito, anthu 34 anafa, ndipo Amalawi analinso pamndandanda. Kuzindikira mitembo ya anthu olowa mozemba, ena ogwiritsa ntchito mayina osakhala awo, kumatenga nthawi yaitali, ndipo mabanja amalira osadziwa ngati akulira maliro enieni.

Kwa ana athu aakazi msampha ukubwera pafoni. Munthu amalemba pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti kuli ntchito yabwino kunja, tikiti ndi yaulere. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anatengeredwa ku Oman mwa njira imeneyi: atafika analandidwa mapasipoti, ankagwira ntchito za m'nyumba usana ndi usiku, ena anamenyedwa ndi kugwiriridwa, ndipo oposa 50 anachita kuwomboledwa. Dziko lino lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu. Wolemba anthu ntchito mwachinyengo chotere ndi wopalamula, ngakhale akhale m'bale wathu wa pamudzi pompano.

Choncho bungwe lathu lamanga mfundo izi. Titsegula kaundula padoko, mogwirizana ndi nyakwawa, momwe membala aliyense kapena mwana wake wopita kunja adzalembetse dzina, nambala ya chiphaso, dzina ndi nambala ya womutenga, ndi munthu amene akukafikira kwa iye. Kaundulayu ndi wothandiza banja pa tsiku la mavuto, si wokaneneza munthu. Bungwe silidzabwereketsa ndalama ya ulendo kwa wopita wopanda pasipoti, ndipo membala wopezeka akukopa ana osakwana zaka 18 tidzakamutula kupolisi ife eni.

Inu achinyamata, safunsa anadya phula. Funsani amene anabwerako, makamaka amene anabwera opanda kanthu, pakuti ndiwo amanena zoona. Jambulani pasipoti yanu, chithunzi chitsale kumudzi. Pasipoti musapereke kwa bwana kapena kwa transipota kuti akusungireni. Ndalama muzitumiza pang'onopang'ono, osaunjika m'chipinda. Lowani m'magulu a Amalawi othandizana pa maliro ndi pa matenda, ndipo dziwani kuti dziko lathu lili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Nambala ya polisi kumeneko ndi 10111.

Inu makolo, tikupemphani ndi ulemu wonse: lekani kuyerekeza mwana wanu ndi wa mnzanu amene watumiza njinga yamoto. Ana ena akupirira nkhanza kunja chifukwa choopa kusekedwa kumudzi. Wobwera chimanjamanja mulandireni, wabwera ndi moyo.

Boma tikulipempha kuti pasipoti ikhale yofikirika kwa msodzi, pa mtengo ndi pa nthawi yodikira, popeza ambiri amalowa m'tchire atalephera pamenepo. Tikupemphanso apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko kuti azifika kumadoko kuno kudzaphunzitsa anthu.

Tili ndi mawu kwa ife eni. Pagombe pano pamafika alendo: a ku Mozambique owoloka kuchokera kutsidya, ogula nsomba ochokera kutali, ofufuza za mbalame ndi madzi, ndi okaona chilumba cha Chisi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma ena, chifukwa chongokhala nkhope zachilendo. Sitingadandaule za Durban kwinaku tikuchita zomwezo kwathu. Mlendo wokayikitsa tipite naye kwa mfumu kapena kupolisi, asakhudzidwe ndi dzanja la munthu.

Mafumu athu, tikupempha kuti chikalatachi chiwerengedwe pamisonkhano ya m'midzi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Banja lililonse limene m'bale wake anapita kunja n'kusiya kumveka libwere kwa komiti padoko, tilembe dzina lake ndipo tikalipereke limodzi kupolisi.

Ife anu,
Komiti ya bungwe, m'malo mwa mamembala onse
Kachulu, Zomba