Nyenyezi yoyenda ija muli anthu

Sabata yatha madzulo magetsi atazima, tinakhala pakhonde ine ndi mdzukulu wanga wa Sitandade 6. Kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Mwadzidzidzi mwanayo analoza kumwamba: “Agogo, taonani, nyenyezi ija ikuyenda!” Inkayendadi, mwakachetechete, osaphethira ngati nyali za ndege. Ndinamuuza kuti imeneyo ndi International Space Station, nyumba yomangidwa ndi anthu yomwe imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, n’kumaliza ulendo umodzi m’mphindi 90 zokha. Chiyambire Novembala 2000 siinakhalepo yopanda munthu mkati. Anaiyang’ana mpaka inazimiririka kuseri kwa mtengo wa mango, kenaka anafunsa: “Ndiye amakwera mmenemo ndi ana a mabwana okhaokha?”

Funso limeneli landikhala pamtima sabata yonse, ndipo lero ndikufuna ndiliyankhe bwino.

Munthu woyamba kuzungulira dziko, Yuri Gagarin wa ku Soviet Union, anabadwira m’mudzi wa Klushino. Bambo ake anali kalipentala, mayi ake ankakama ng’ombe pa famu. Iye mwini anayamba waphunzira ntchito yosungunula zitsulo asanaphunzire kuyendetsa ndege. Pa 12 Epulo 1961, ali ndi zaka 27, anakwera chombo cha Vostok 1 n’kuzungulira dziko kamodzi, ulendo wa mphindi 108. Pobwerera anatsika ndi parachuti n’kutera m’munda, ndipo amene anamulandira sanali akuluakulu a boma ai, anali mayi wina wapamudzi ndi mdzukulu wake, odabwa ndi mlendo wovala zachilendoyo. Patapita zaka ziwiri, mu Juni 1963, Valentina Tereshkova, yemwe ankagwira ntchito m’fakitale yoomba nsalu, anakhala mkazi woyamba kupita m’mlengalenga. Anazungulira dziko maulendo 48, ali yekhayekha, kwa masiku pafupifupi atatu.

Koma ngakhale mayina amenewa amabisa mbali yaikulu ya nkhaniyi. Tonse timadziwa kuti pa 20 Julayi 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera pamwezi, mnzawo Michael Collins akuwadikira m’chombo chozungulira. Chomwe sitichitchula kawirikawiri n’chakuti ntchito ya Apollo, yomwe inawafikitsa kumeneko, inagwiridwa ndi anthu pafupifupi 400,000. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limeneli linali lolemera kuposa lina lililonse.

Pakati pa khamu limeneli ine ndimakonda kuganizira amayi osoka a ku Dover, m’chigawo cha Delaware. Kampani yawo inkadziwika ndi kusoka zovala zamkati za akazi. Amayi omwewo ndi amene anasoka zovala zoyendera pamwezi, nsalu 21 zosanjikizana, pa makina osokera osasiyana kwenikweni ndi a telala wa pakhonde la sitolo. Pamwezi palibe mpweya, choncho kabowo kamodzi kolakwika kanali imfa. Chovala chikatha ankachiunika ndi makina a ekisire kuopa kuti mwatsala phini. Moyo wa Armstrong unali m’zala za mayi amene dzina lake silinamveke pa wailesi.

Ndimaganiziranso Katherine Johnson, mayi wachikuda katswiri wa masamu, yemwe anayamba ntchitoyi pa nthawi imene akuda ku Virginia ankawapatulira zimbudzi ndi malo odyera. Mu 1962, John Glenn asananyamuke kukazungulira dziko, anapempha kuti mayi ameneyu ayambe watsimikizira ndi dzanja manambala omwe kompyuta inatulutsa. Mwamuna wolimba mtima uja anakhulupirira pensulo ya mayi kuposa makina.

Njira imeneyi inadyanso anthu. Mu Januwale 1967 Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anapsa m’chombo cha Apollo 1 chili pansi, pa nthawi yoyeserera. Miyezi itatu pambuyo pake Vladimir Komarov anafa parachuti ya Soyuz 1 italephera kutambasuka. Zombo za Challenger mu 1986 ndi Columbia mu 2003 zinapita ndi anthu asanu ndi awiri chilichonse. Pa Challenger, akatswiri ena anachenjeza kuti kuzizira kuumitsa mphira wotseka molumikizira roketi, koma mawu awo sanamvedwe. Ntchito ya anthu ambiri imaima kapena kugwa malinga ndi mmene akuluakulu amamverera wamng’ono woona cholakwika.

Nanga ife kuno? Mu 1964, Zambia ikulandira ufulu, mphunzitsi wina dzina lake Edward Makuka Nkoloso analengeza kuti akufuna kutumiza achinyamata a dziko lake kumwezi. Atolankhani akunja anamuseka kwambiri. Ine sindimuseka. Loto anali nalo lofanana ndi la anzake a ku Moscow ndi Houston. Chomwe analibe ndi manja 400,000 aja, masukulu a sayansi, malabotale ndi mainjiniya. Loto la munthu mmodzi silifika kumwezi.

Ndipo manja otere tikuwafuna lero lomwe, ngakhale tisanaganize zokwera roketi. Namondwe wa Freddy asanafike kuchigawo chakummwera mu Malichi 2023, masetilaiti anali atamutsatira kwa masabata angapo akuwoloka nyanja ya Indian kuchokera kufupi ndi Australia. Chithunzi chochokera kumwamba chimafuna munthu pansi wodziwa kuchiwerenga, wina wochisandutsa chenjezo lomveka m’chinenero cha anthu, ndi wina wolifikitsa kwa amfumu madzi asanatsike m’phiri. Onsewa ali pa ntchito imodzi ndi amayi osoka aja.

Dzulo ndinamuyankha mdzukulu wanga. Ndinamuuza za mwana wa kalipentala, za mtsikana woomba nsalu, za mayi wa pensulo. Anamvetsera ali phee, kenaka anakatenga kope lake la masamu, momwe munali mafunso a magawo amene anawasiya osamaliza. Tinakhala pamkeka, tochi ya foni ili pakati pathu, n’kuwayamba pamodzi.